Khitchini yochotseka m'boti la thanga: lipoti la ntchito ya ku Mangochi

Ntchito yanga ndi ya matabwa, ndipo zambiri zomwe ndimagwira kuno ku Mangochi ndi maboti a asodzi: kusintha thabwa lowola, kumata pobooka, kulimbitsa pokhala injini. Maboti a thanga amabwera mwa apo ndi apo. Lomwe ndikulemba apali linafika pa thirela kuchokera ku Blantyre, mlongoti utagonekedwa pamwamba. Eni ake ndi bambo wina wopuma pantchito pamodzi ndi mayi a kunyumba kwawo. Ankafuna malo ophikira m'kabini, koma oti azitha kuchotsa akafuna kugonamo anthu anayi kapena akafuna kutsuka boti.

Botilo ndi la faiba, lotalika mamita 5.8. M'kabini simuimirira munthu, mumangokhala pansi, chifukwa kuchokera pansi kufika kudenga ndi mamita 1.2 basi. Pakati pali chibokosi momwe mumalowa chitsulo chomwe amatsitsa pansi pa boti kuti lisatengeke chammbali ndi mphepo, ndipo uku ndi uku kuli mabenchi ogonapo. Malo okha omwe ndinaona kuti angakwane khitchini ndi kumapeto kwa benchi ya kumanja, pafupi ndi khomo. Pamenepo pali mpweya wabwino, komanso wophika akhoza kutulutsa poto osadutsa pamwamba pa munthu. Utali wake unali masentimita 75, m'lifupi 45 pamwamba, koma pansi 38 okha chifukwa khoma la boti ndi lopindika.

Bambowo anaika malamulo atatu. Ndisaboole thupi la boti paliponse, munthu mmodzi azitha kunyamula khitchiniyo, ndipo ikachotsedwa benchi ikhale yogoneka. Mayi sananene kanthu tsiku loyambalo. Ankangoyang'ana ine ndikuyeza.

Katoni inandinamiza

M'boti mulibe ngodya yolunjika, choncho tepi payokha siyokwanira. Ndinatenga makatoni a sopo kugolosale, n'kuwadula ndi kuwamata mpaka atakhala bwinobwino pamalopo, kutsatira kupindika kwa khoma. Bokosi la katonilo ndinalilowetsa ndi kulitulutsa pakhomo kangapo, linkadutsa. Ndinakhutira, n'kudula pulayiwudi.

Khomo la kabini ndi lotambalala pamwamba, masentimita 62, ndi lopanikiza pansi, 48. Tsiku lomwe ndinabweretsa bokosi lenileni, tisanalipake kanthu, linakana kulowa. Tinalitembenuza chagada, chammbali, choimika, ayi ndithu. Ngodya imodzi inkagunda chibokosi cha pakati chija ina isanamasuke pakhomo. Mphwanga yemwe amandithandiza ndiye anaona vuto: "Amalume, katoni ija inkapindika polowa, inuyo simunaone." Ankanena zoona. Katoni imagonja pang'ono ukaikankha, pulayiwudi sagonja.

Ndinataya tsiku komanso theka la shiti ya pulayiwudi, koma kulakwitsako kunandipatsa pulani yabwino kuposa yoyamba. Ndinagawa khitchini pawiri. Bokosi loyamba ndi la chitofu, masentimita 42 m'litali, lachiwiri ndi la beseni ndi ziwiya, masentimita 33. Lililonse limadutsa pakhomo mosavuta, ndipo mayi amatha kulinyamula okha. Kuyambira pamenepo chitsanzo ndimachipanga ndi timitengo tokhomerera, tosapindika, osati katoni yokha.

Chitofu

Apa tinakambirana nthawi yaitali. Mbaula ndinaikana tisanayambe n'komwe. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, womwe umapha anthu ngakhale m'nyumba zikuluzikulu akagona atatseka mawindo, nanji m'kabini yonga khola la nkhunda. Komanso khala limodzi likagwera pa faiba boti likugwedezeka, nkhani yatha. Chitofu cha palafini chimanunkhitsa zofunda, ndipo chikapendekeka chimalilima.

Bambo ankafuna silinda ya gasi ngati ya kunyumba. Vuto la gasi ameneyu ndi lakuti ndi wolemera kuposa mpweya. M'nyumba akatuluka amapeza khomo n'kupita. M'boti amatsikira pansi penipeni, pomwe pamadikha madzi, n'kukhala pomwepo kudikira machesi. Maboti akuluakulu amaika silinda m'kabokosi kakekake kotsekeka, kokhala ndi paipi yotulutsira kunja kwa boti. Kuti ndipange zimenezo ndikanayenera kuboola boti, zomwe eni anakana kale. Chitofu cha sipiriti chili ndi ubwino wake, moto wake umazima ndi madzi, koma chimachedwa kuwiritsa, lawi lake silioneka bwino masana, ndipo sipiriti wokwanira ulendo wa masiku angapo si wopezeka pagolosale iliyonse kuno.

Tinagwirizana za kachitofu ka diso limodzi, kogwiritsa ntchito timachitini ta gasi ta magalamu 220 tolowetsa m'mbali. Nako kali ndi zoopsa zake ziwiri, ndipo ndi zimene zinalamula mmene bokosi lipangidwire. Choyamba, poto wamkulu wophimba mpaka pamwamba pa kachitini amabwezera kutentha pa kachitiniko, ndipo kakhoza kuphulika. Ndinaika zitsulo zogwira poto mwakuti poto woposa masentimita 20 salowa n'komwe. Chachiwiri, chitofu chotere sichifuna kutsekeredwa. Mbali ya bokosi yomwe kuli kachitini ndinaisiya yotsegula, n'kuboolanso mabowo pansi pake. Mbali zinazo ndinakutira ndi lata la aluminiyamu, losagunda thabwa, lokhala pa timawashala kuti pakati pazidutsa mpweya wa sentimita imodzi. Lata logundana ndi thabwa limangopereka kutentha konse, mpata wa mpweyawo ndiwo umateteza.

Lamulo lomwe ndinalemba ndi penti m'kati mwa chivundikiro ndi ili: mukatha kuphika chotsani kachitini. Timachitini timasungidwa kunja, kumbuyo kwa boti pamtetete pomwe amakhala woongolera, m'paipi ya pulasitiki yobooka pansi, pamthunzi. Pa kachitini palembedwa malire a kutentha, tina madigiri 40, tina 50. Amene amadziwa dzuwa la Okutobala ndi Novembala ku Mangochi akudziwa kuti kabini yotsekedwa imatentha ngati galimoto yosiyidwa padzuwa. Chozimira moto cha ufa cha kilogalamu imodzi ndinachipachika pakhomo, osati kuseri kwa chitofu, kuti munthu asapise dzanja pamoto pofuna chozimira.

Zomwe nsima inasintha

Bambo anandionetsa pafoni zithunzi za pa intaneti za maboti a kunja. Zitofu zake zimapachikidwa pa mahinjesi awiri ngati katungwe, kuti boti likapendekeka chitofu chizikhalabe chowongoka. Ankafuna chotero. Ine ndinachita nacho chidwi, moti ndinapanga chongoyeserera ndi mabauti awiri. Ketulo inakhala bwino kwambiri. Tinapendeketsa bokosi uku ndi uku, madzi osatayika.

Apa ndi pomwe mayi analankhula. "Amisiri, ndipatseni mthiko." Anaika poto wa madzi pachitofu chosayatsa, n'kuthiramo ufa mpaka kulimba, n'kuyamba kuvundula monga amachitira kunyumba. Atangokankha koyamba, chitofu chinathawa kupita kukhoma. Atakoka, chinabwerera n'kupendeketsa poto, phala n'kutayikira pabenchi. Anandiyang'ana, anayang'ana amuna awo, n'kunena kuti, "Anthu a pazithunziwo amaphika tiyi. Ife timadya nsima."

Zimenezi sindinaziganizire, ngakhale ndimadya nsima tsiku lililonse. Kutakasa phala ndi ntchito yopepuka, koma nsima ikayamba kulimba munthu amakankha ndi phewa lonse, mthiko ukukanikiza khoma la poto. Kunyumba dzanja lina limagwira chogwirira, kapena mapazi amapana mphika pamafuwa. M'kabini momwe ukhala chopinda, boti likugwedezeka, dzanja linalo umalifuna kuti udzigwirire wekha. Ndiye kuti poto ayenera kugwiridwa ndi bokosi, bokosi ligwiridwe ndi boti, ndipo pasakhale chogwedera paliponse pakati pa mthiko ndi thupi la boti.

Katungwe uja tinamutaya. Chitofu ndinachikhazika pansi pa bokosi, miyendo yake inayi italowa m'mabowo a thabwa la mlombwa, kuti chisaselereke. Pamwamba ndinadutsitsa ndodo ziwiri za chitsulo chosachita dzimbiri za mamilimita 6, zopindidwa pakati motsatira mimba ya poto. Ndodo imodzi ndi yokhazikika, inayo imasuntha m'mabowo atatu, kuti igwire ketulo, poto wa ndiwo kapena wa nsima. Poyesa koyamba ndodozo ndinaziika m'munsi kwambiri, ndipo poto ankapendamira pamwamba pake mayi akakankha. Ndinazikweza kufika pa magawo awiri mwa atatu a msinkhu wa poto. Pamenepo anavundula mpaka kuomola, dzanja lamanzere litagwira m'mphepete mwa khomo, poto ali nji.

Tinagwirizananso kuti boti likuyenda ndi thanga sikuphika nsima. Pamenepo ndi tiyi wa m'fulasiki ndi mbatata yophikiratu. Nsima ndi ya pamene nangula waponyedwa pamalo odikha. Izi zinachotseratu chifukwa chokhalira ndi katungwe, popeza boti loima silipendekera mbali imodzi, limangogwedezeka.

Utsi wa chambo chokazinga m'kabini suchoka msanga m'zofunda. Popeza bokosi la chitofu linali lodziimira palokha, ndinapanga thabwa lodutsa pakati pa mabenchi awiri a kumbuyo pamtetete, lokhala ndi zogwirira zofanana ndendende ndi za m'kati. Kunja kukakhala bwino amaphikira kumeneko, m'kabini ndi pa mvula kapena mphepo yozimitsa moto, ndipo pamenepo khomo ndi chivundikiro cha padenga la kabini zikhale zotsegula.

Matabwa ndi zomatira

Pulayiwudi weniweni wa maboti sindinamupeze. Ndinagula wamba wa mamilimita 9, yemwe wogulitsa ankati ndi wopirira madzi. Mawu a wogulitsa sindimangira boti. Ndinadula tizidutswa pa mashiti awiri osiyana, n'kutiwiritsa mumphika maola atatu, kutiyanika padzuwa, n'kutiwiritsanso. Ka shiti yoyamba kanamasuka ngati masamba a buku. Ka yachiwiri kanakhalabe kamodzi, ndipo imeneyo ndiyo ndinagwiritsa ntchito. Shiti yathunthu ya mamilimita 2440 kwa 1220 imalemera pafupifupi makilogalamu 15, ndipo mabokosi awiriwo anadya yochepera imodzi, kupatula ija ndinawononga.

Anthu ambiri amaganiza kuti poti nyanja yathu ilibe mchere, matabwa savutika. Zitsulo ndiye zimapumako, koma thabwa limawola msanga m'madzi opanda mchere, chifukwa mchere umachepetsa nkhungu yomwe imadya thabwa. Pulayiwudi amayamba kuwola m'mphepete modulidwa, momwe mumamwa madzi ngati bango. M'mphepete monse ndinapaka epoxy (guluu wochita kusakaniza, yemwe akauma salola madzi kulowa) katatu, pena ponse kawiri, kenako penti yoyera m'kati kuti nyerere ndi mphemvu zizioneka, vanishi kunja. Epoxy kuno amauma msanga ndi kutentha. Kapu yoyamba yomwe ndinasakaniza masana inatentha m'manja n'kulimba ndisanafike theka. Zotsatira zonse ndinasakaniza pang'onopang'ono, m'mamawa dzuwa lisanakwere, m'mbale yophwatalala.

M'mphepete mwa pamwamba ndinazunguliza mlombwa wotalika masentimita 4 kuti kapu ndi mpeni zisagwe, n'kusiya mipata m'ngodya yopukutira nyenyeswa. Mlombwa ndi wolemera kuposa paini, koma supindika ndi chinyontho ndipo umagwira sikuluwu.

Za masikuluwu ndili ndi dandaulo. Pa sitolo ina anandigulitsa paketi yomwe ankati ndi yosachita dzimbiri, pamtengo wake womwe. Nditafika nawo ndinayandikiza maginito, onse anadumphira. Chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu woyenera pa boti sichikoka maginito, kapena chimakoka pang'ono chabe. Awa anali wamba ongopakidwa zonyezimira. Anakana kundibwezera ndalama poti paketi inali yotsegula. Masiku ano maginito amakhala m'thumba ndikamapita kogula.

Madzi

Sinki ya paipi yotulukira kunja ikanafuna kuboola boti, choncho ndinadula bowo pamwamba pa bokosi lachiwiri lokhazikamo beseni la chitsulo, lomwe amalinyamula kukataya madzi kumtunda. Ku Cape Maclear ndi zilumba zake monga Thumbi ndi Domwe ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, komwe kumakhala mbuna, ndipo sopo ndi mafuta okazingira si zotayira pamenepo. Pansi pa beseni pali dilowa ya masupuni, mthiko ndi chipande, ndi malo a mbale zinayi zoimika.

Bambo ankafuna chigubu cha malita 20 chilowe m'bokosi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye makilogalamu 20 pamwamba pa benchi, mbali imodzi, m'boti laling'ono chonchi, ndi zoonekera pa kakhalidwe ka boti. Tinagula zigubu ziwiri za malita 10, n'kuzimangirira pansi, uku ndi uku kwa chibokosi cha pakati. Madzi akumwa amatunga pampopi kapena pamjigo asananyamuke. A m'mbali mwa gombe, makamaka pomwe pali mabango ndi nkhono, ndi a likodzo.

Bokosi la chitofu litatha linalemera makilogalamu 9 pamodzi ndi chitofu, la beseni 8 pamodzi ndi ziwiya.

Kumangirira, ndi zomwe msewu unachita

Pa benchi ndinaika timizere tiwiri ta mlombwa, tokwera sentimita imodzi ndi theka, kuti matiresi akabwerera munthu asatimve pamsana. Mabauti ake amadutsa pa thabwa la benchi, osati pa thupi la boti, ndipo kunsi kuli mawashala aakulu. Mabokosi amalowa pakati pa timizereti ngati dilowa. Kuti asadumphe ndinaika mabauti awiri pa bokosi lililonse, a manati a mapiko omanga ndi zala. Pabwalo panga tinakankha, kukoka, mphwanga mpaka anakhalapo, osasuntha.

Ulendo woyamba anapita ku Cape Maclear. Kuchokera pa boma kukafika kufupi ndi Monkey Bay ndi makilomita opitirira 60, kenako kukhotera msewu wokhotakhota wa m'mapiri wotsikira ku Chembe. Madzulo foni inalira. "Amisiri, khitchini yanu yafika, koma yafika yokha m'malo mwake, katundu ali pansi." Manati atatu mwa anayi anali atamasuka, limodzi osapezeka. Dilowa inatuluka yonse. Botolo la mafuta ophikira linagwa n'kutseguka, mafuta n'kusakanikirana ndi ufa ndi shuga, n'kutsikira pansi pa matabwa opondapo. Mayi anatha tsiku lonse lotsatira akupukuta, ndipo nyerere za ku Chembe zinalowa boti likadali pa thirela.

Kulakwa kunali kwanga. Ndinkaganizira za mafunde, n'kuiwala kuti boti limeneli limayenda makilomita ambiri pa matayala kuposa pamadzi. Funde limakankha pang'onopang'ono, mbali imodzi. Thirela yaing'ono imanjenjemera kosalekeza, ndipo pa hampu kapena pa dzenje katundu yense amadumpha m'mwamba n'kugwanso. Nati yomanga ndi zala singapirire zimenezo. Dilowa nayo ndinaiika kachogwirira ka maginito ngati ka m'kabati ya kunyumba, komwe kamasiya ukangokagwedeza.

Atabwera nalo ndinachotsa manati a mapiko onse. M'malo mwake ndinaika ndodo imodzi yachitsulo yodutsa m'kamzere, m'munsi mwa bokosi, kutulukira kamzere kenako, yotsekedwa ndi kapini kolowetsa komangidwa pa chingwe kuti kasatayike. Ndodo ilibe mazinga, ndiye palibe chomasuka. Pansi pa mabokosi ndinamata malegeni a chubu cha galimoto kuti aziyamwa kunjenjemera ndi kuletsa kugogoda. Pa msewu pamawonjezeka lamba wokoka, wodutsa pamwamba pa mabokosi onse awiri n'kukoledwa pa mphete ziwiri za pa benchi. Dilowa ndinaisema mphako kunsi, mwakuti imakhala itagwera pa kathabwa, ndipo kuti ituluke uyenera kuikweza kaye ndi chala. Botolo la mafuta, la mchere ndi la shuga lililonse linapeza bowo lakelake lolowamo mpaka theka. Ufa unachoka m'jumbo n'kulowa m'kandowa kotsekeka.

Ndisanawabwezere ndinakoka thirela ndekha, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire, kulowa msewu wafumbi wa tsidya lija, n'kubwerera. Chomwe chinasuntha ndi chivundikiro cha ketulo chokha.

Pamadzi

Kuyesa kwenikweni kunachitika nyengo ya mwera, mphepo ya kummwera yomwe imavuta miyezi yozizira. Tinatsitsa boti cha ku Nkopola m'mamawa, ine, bambo ndi mayi, kulunjika ku chilumba cha Boadzulu. Pobwerera mwera unali utadzuka, boti linapendekera kumanzere, zomwe zikutanthauza kuti khitchini inali kumtunda, ikulendewera pa ndodo yake. Ndinalowa m'kabini n'kuika dzanja pa bokosi nthawi yonse yomwe tinkamenyana ndi mafunde. Silinagwedere. Mbale zokha ndizo zinkalira, ndipo mayi anazitseka pakamwa polowetsa kansalu pakati.

Titaponya nangula pamalo obisika, tinatulutsa bokosi la chitofu kupita nalo kumbuyo. Kuchotsa pini, kusolola ndodo, kunyamula ndi kulikhazika pa thabwa lija kunatenga nthawi yosakwana mphindi ziwiri. Mayi anaphika nsima ya anthu atatu ndi usipa wothira tomato. Nditagwira thabwa kuseri kwa lata linali lofunda chabe, ndipo kachitini ka gasi kanali kozizira.

Zinapezeka zolakwika ziwiri. Mphepo inkalowera mbali yotsegula ija n'kumakankha lawi, moti madzi anachedwa kuwira. Kutseka mbaliyo sikungatheke chifukwa cha kachitini, choncho tinatembenuza bokosi kuti msana wake uyang'ane kumphepo. Boti la pa nangula limaloza mutu komwe kukuchokera mphepo, ndiye ndinasintha timizere ta pa thabwa la kunja kuti msana wa bokosi uziyang'ana kutsogolo nthawi zonse. Chachiwiri, zogwirira za chingwe zomwe ndinaika m'mbali mwa bokosi la beseni zinkakola pa khomo potuluka. Ndinazidula, n'kuboola mabowo olowetsa zala m'thabwa momwemo, n'kupaka epoxy m'mphepete mwake katatu monga poyamba.

Boti linabweranso patatha nyengo imodzi ya mvula kuti ndidzaone chiwongolero. Ndinapezerapo mwayi wotembenuza mabokosi. Pansi pa la beseni, pa ngodya yomwe imakhuzika polowetsa m'timizere, penti ndi epoxy zinali zitaperepeseka ndipo thabwa linayamba kuda. Ndinapala, kuyanika masiku awiri, kupakanso, n'kukhomerapo kachidutswa ka aluminiyamu. Mayi anapempha kuti ndiwonjezere bowo lachinayi pa ndodo yosuntha ija, chifukwa agula kapoto kakang'ono ka phala la mdzukulu ndipo kakugwedera.